Thobwa la Nelia Litasasa

Pa Masitolo mwamuna anali chinthu chobwereka, ngati sefa. Ukamufuna unkayamba wafunsa kwa anzako kuti lero ali kwa yani, ndipo ukamupeza unkamugwiritsa ntchito msangamsanga ena asanamuitanitse.

Dzina lokha la malowo ndilo linali lalikulu. Anali pamphambano pomwe msewu wochokera ku Nsaru unkapatukira ku Kabudula, ndipo masitolo akewo anali awiri okha, onse a Amwenye. Kuseri kwake kunali shedi ya msika wa fodya ndi timanyumba taudzu ta anthu obwera, amene anatsata msikawo n'kukhaliratu. Miyezi ya fodya pankadzaza ngolo, njinga, ogulitsa zitumbuwa ndi zidakwa. Msika ukatsekedwa onsewo ankabalalika, ndipo pofika Okutobala pankatsala akazi, ana, nkhalamba ndi mbuzi. Amuna a mphamvu zawo Wenela anali atawakokolola kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Ena anali ku Halale, ena m'maesiteti. Zaka zoyamba za Chitaganya zimenezo, ukanayenda khomo ndi khomo ukanapeza nyumba iliyonse ili ndi mkazi mmodzi, akutereka kamphika kakang'ono, maso ali kumsewu.

Nelia anali mmodzi wa akazi amenewo. Kwawo kunali ku Chiwamba, ndipo anabwera potsata mwamuna wake Dyson, amene ankanyamula mabelo pamsikapo. Chaka china msika utatsekedwa, Dyson anakwera lole ya Wenela, kumusiyira Nelia ana awiri ndi denga lokalamba. Dzinja lapitalo dengalo linadontha ngati dengu. Zofunda sizinkauma, pansi pankangokhala chinyezi, ndipo mwana wamng'onoyo anadwala chibayo n'kumwalira chimanga chisanakhwime. Anatsala Febe, wa zaka zinayi, amene naye chifuwa chinali chitamukhazikika. Nelia analumbira mumtima kuti Febe sadzagonanso pansi pa denga limenelo mvula ikugwa.

Mbali yake anaichita. Tchire lisanapse ankalawirira kudambo ndi chikwakwa, kumweta udzu mpaka manja kuchita matuza. Mitolo anasenza yekha, n'kuisanja pathandala lalitali m'malire mwa bwalo lake ndi la mnansi wake, pomwe mbuzi sizikanafikira. Luzi anasenda, anaviika. Chotsala chinali amuna basi. Mkazi sakwera padenga, ndipo ngakhale akanatseka makutu n'kukwera, kufolera ndi luso. Wosadziwa amangosanja udzu woti mphepo idzaseweretse.

Amuna ochepa otsala m'midzi yozungulira sankakwera denga la munthu chifukwa cha chisoni. Ankabwera ku dima, ntchito yothandizana imene malipiro ake ndi chakumwa. Apa ndiye panali mfundo. Nelia anali wa mpingo wa Adatchi a ku Nkhoma, wa m'Chigwirizano cha amayi, ndipo Mkhristu wa kumeneko akangofulula mowa ankadulidwa. Kudulidwa sikunali kungoletsedwa Mgonero ayi. Kwa mkazi wobwera, wopanda mlongo kapena malume pafupi, amayi a mpingowo ndiwo anali mtundu wake. Ndiwo anagona naye pansi pa maliro a mwana uja.

Choncho anaphika thobwa, lotsekemera, lopanda mlandu. Anathiramo chimera chake chonse kuti akalawa asadzanene kuti Adatchi amamwetsa anthu phala. Anadzaza mbiya zitatu n'kutumiza mawu m'midzi.

Koma tsoka silinunkha. M'mawa wa tsiku la dima kunamveka kulira kutsidya la dambo. Nkhalamba ina yomveka inali itatsikira kuli chete. Maliro akagwa, khasu siligwiridwa, denga silikweredwa. Ndipo awa anali maliro a gule, osaikidwa mothamanga. Anadikira abale a ku Kasiya, abalewo atafika anadikira ena, ng'oma zikulira, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mbiya za Nelia zinangokhala pakona zitavundikiridwa masamba a nthochi.

Mwambo utatha, Nelia anavundukula tsamba limodzi. Fungo linamulonjera iye asanawerame n'komwe. Thobwalo linali likuchita thovu, likunong'ona lokha. Chimera china analibe, ndipo madzulo aliwonse kumadzulo kunkaunjikana mitambo yakuda m'mimba.

Anapita kwa a Paulo, mkulu wa mpingo, amene ankasoka pa mashini pakhonde la sitolo. Anali munthu wachilungamo chouma, wa bondo lotupa limene linamuletsa kukwera ngakhale njinga. Nelia anagwada chapatali.

"Abambo, thobwa likasasa lokha popanda wolituma, tchimo lake ndi la yani?"

A Paulo anaimitsa mashini. "Mwalawa?"

"Ndangonunkhiza."

"Likuluma m'mphuno?"

"Likuluma."

"Ndiye katayeni, amake Febe. Kusasa n'kwa dzuwa, koma kugawira anthu n'kwanu. Likangomwedwa pabwalo panu akulu adzandifunsa, ndipo ine bodza sindilitha."

"Nanga denga, abambo? Nanga Febe?"

A Paulo anayang'ana bondo lawo nthawi yaitali. Zinawapweteka, ndipo sanabise. "Mwendowu ukanalola ndikanakwera ndekha," anatero. Kenaka mashini inayambanso kulira.

Nelia anali akukokera mbiya yoyamba kudzala, misozi ikumuchititsa khungu, pamene mawu anaphulika kuseri kwa mpanda wa nkhadze.

"Amake Febe! Mwapenga kodi? Chimera chonsecho mumwetse nyerere?"

Anali mnansi wake Modesta, amene anthu ankamuitana ndi mfunda wake kuti Naphiri. Anali wa mpingo wa Aroma, wakwawo ku Nambuma, wamkulu thupi ndi mawu omwe. Mwamuna wake anachona njala yaikulu ija isanagwe. Ana ake aamuna anapita kukamufuna, nawonso n'kuchona. Miyezi ya fodya ankafulula mowa wogulitsa, ndipo ansembe ake sankamufunsa za mbiya. Akazi awiriwa ankapalana moto ndi kupemphana mchere, koma sankachezerana kwenikweni. Nelia ankaopa pakamwa pake.

Modesta anadutsa pampata wa mpandawo, anaviika chikho, analawa, n'kutseka maso.

"Mayo ine! Adatchi inu Mulungu amangokupatsani mwangozi zimene ife timakhetsera thukuta sabata yathunthu."

"Musaseke, Anaphiri. A Paulo ati nditaye. Ati likamwedwa pabwalo panga ndadulidwa."

"Pabwalo panu, eti? Nanga pabwalo panga lamulo la ku Nkhoma limafikapo? Mundipatse ine. Chinthu ukapatsa mnzako si chakonso. Mbiya zikakhale kwanga, amuna akamwere kwanga, denga afolere lanu. Dzina lanu ine sinditchula kwa munthu."

Nelia anazengereza. Kenaka m'nyumba Febe anatsokomola, chifuwa chouma chija, ndipo kuzengereza kunathera pomwepo. Ananyamulizana mbiyazo kudutsa pampata n'kuziika pamthunzi wa mango pabwalo la Modesta. Madzulo omwewo Modesta anaima pamsewu n'kunong'oneza amayi obwerera ku maliro kuti mawa pa Masitolo pali dima lofolera, ndipo chakumwa chake si phala la Adatchi. Anasunga pangano. Dzina la Nelia silinatuluke pakamwa pake.

M'mawa mwake linali tsiku la Chigwirizano.

"Mulawirire," anatero Modesta. "Mukakhale kutsogolo, mukaimbe mokweza, aliyense akuoneni. Zakuno mundisiyire ine."

Nelia anabereka Febe n'kuuyamba wa ku nyumba ya mapemphero, kumudzi wa kuseri kwa chitunda. Anakhaladi kutsogolo. Anaimbadi mokweza, ngakhale ankadzimva ngati waba nkhuku. Pakati pa phunziro mphepo inabweretsa mawu ochokera ku Masitolo, mawu aakulu, okhuthala, a amuna ambiri akuimba nyimbo ya ntchito. Amayi anayang'anana.

"Amuna onsewo achokera kuti?" anafunsa wina.

"Kaya, ndi za Aroma zimenezo," anayankha mnzake. Nelia anaweramitsa mutu ngati akupemphera, koma anali akubisa kumwetulira.

Atabalalika, dzuwa litapendeka, sanadikire macheza. Anathamanga Febe akudumphadumpha kumsana. Atafika kuseri kwa shedi ya fodya anaima, pakamwa yasa. Amuna! Pa Masitolo pomwe mkazi ankasowa womugwirira mbuzi, lero panali amuna oti n'kudzaza tchalitchi. Panali aja othawira m'phiri akamva kuti amesenjala a msonkho akubwera. Panali obwerera ku migodi, wina wopanda zala, wina wotsokomola fumbi la ku Joni. Panali aja odwala msana nthawi yonse yolima mizere, lero misana ili njo atanyamula mitolo tsiku lonse. Dera lonse linali ndi amuna ndithu, kungoti panalibe amene anawaitana ndi mawu oyenera.

Ndipo pamwamba pa mitu yawo panali denga latsopano, lachikasu, losalala, lometedwa bwino m'mphepete, nsonga yake yomangidwa mwaluso. Nelia sanaonepo denga lokongola chotero. Anayenda pang'ono, akuseka yekha, kenaka kusekako kunamuuma pakamwa.

Mtengo wa mango unali pambali pa denga latsopanolo. Nyumba ya Nelia inalibe mango.

Anayang'ana kutsidya la mpanda. Nyumba yake inali chiimire monga anaisiyira m'mawa, denga lakuda, lobooka, lolowa m'kati ngati chipewa chokhalidwa. Anayang'ana pathandala. Panalibe ngakhale mtolo umodzi.

Pakati pa bwalo Modesta anali ataima manja ali m'chiuno, ndowa ya madzi itagubuduka pamapazi ake, akukalipira mkulu wina wamfupi wa imvi. Anali a Evaristo, mmisiri wa madenga wa cha ku Kabudula, amene khutu limodzi analisiya ku mgodi. Modesta anali atapita kuchitsime mbandakucha kukatunga madzi ophikira antchitowo. Mu Okutobala madzi a pachitsimepo ankatuluka ngati misozi, mkazi ankakhala m'dzenje ndi chikho kudikira, kumbuyo kwake mzere wa ndowa. Iye ankati amunawo adzabwera dzuwa litakwera, monga amachitira amuna. Anaiwala kuti mwamuna wochedwa kumunda ndi kutchalitchi, ku mowa amafika nkhuku zisanatsike. Pobwerako kuchitsimeko anapeza denga lake litatha kufoleredwa.

"Ndani anakuuzani kuti nyumba yake ndi iyi?" Modesta ankakuwira khutu lamoyolo.

"Nanga ndani anatiuza kuti si iyi?" anayankha a Evaristo modekha. "Uthenga unati pa Masitolo. Dzina panalibe. Anthu a pano ndinu obwera, sitidziwa kuti khomo ili n'la yani. Tafika, eni ake kulibe. Taona mbiya, taona udzu pafupi. Mayi, chiyambire makolo athu, ife timakwera nyumba imene pabwalo pake pali mbiya."

"Simunaone kuti inayo ndiyo yowola?"

"Yanuyinso sinali ya bwana D.C.," anatero a Evaristo, amuna aja n'kugwa nacho chiseko.

Nelia anafika pakati pawo osadziwa kuti wayenda bwanji. Mawu anatuluka aang'ono.

"Abambo, udzuwo ndi wanga. Ndinamweta ndekha. Chonde, sasulani mukaike pa nyumba iyo."

Chiseko chinazima. A Evaristo anavula chipewa, anayang'ana mayiyo, anayang'ana mwana wowonda kumsana kwake, ndipo anamvetsa zonse popanda wowafotokozera.

"Mwana wanga, pepa. Udzu ukamangidwa n'kumetedwa, ukausasula umasanduka zinyalala. Sungakwane ngakhale theka la denga lako. Wakale wa nyumba inoyo ndi uwo, wangofumbutuka poutsitsa. Ndipo taona anthu anga." Analoza pamthunzi. Mbiya ziwiri zinali zitagona chammbali, yachitatu ikupendekedwa. "Amene angakwere padenga tsopano, mawa tikumba manda."

"Udzu wina ndikaupeza kuti? Tchire lonse lapsa."

Kumadzulo kunagunda bingu, lakutali koma lolemera. Nelia anakhala pansi pafumbi pomwepo, anamasula Febe n'kumukumbatira, ndipo analira mosabisa, kulira kwa munthu amene wachita zonse zimene akanatha. Amuna aja anayamba kuzemba mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi mbuzi zake.

Modesta anachotsa manja m'chiuno. Anayang'ana denga lake latsopano, anayang'ana mnzakeyo. Kenaka anadutsa pampata wa nkhadze, analowa m'nyumba ya Nelia osaodira, n'kutuluka atasenza mphasa ndi zofunda. Anadutsa nazo pamaso pa Nelia n'kukaziponya m'nyumba mwake. Anabwereranso, ulendo uno n'kutuluka ndi miphika ndi lichero.

"Anaphiri, mukutani?"

"Ndikusamutsa anthu. Simukuona?"

"Sindingakhale m'nyumba ya eni."

Modesta anatula miphika ija. "Ya eni ake ati? Tandiuzani, amake Febe. Makoma ndi anga, udzu ndi wanu. Nyumba imeneyi ndi ya yani? Mukafuna tipite nayo kubwalo akaigawe pakati, inu mutenge pamwamba, ine pansi." Mawu ake anatsika. "Ine m'nyumba muno ndimalankhula ndi makoswe. Zaka zonsezi ndaphika kamphika ka munthu mmodzi, mpaka ndaiwala kuti ndiwo zimakoma bwanji. Inu uko nokha, ine kuno ndekha, pakati nkhadze. Ndi nzeru zimenezo?"

"Nanga a mpingo akamva kuti ndikugona m'nyumba yofululiramo mowa?"

"Ndani amafulula m'dzinja? Fodya akadzayamba, Dyson wanu adzakhala atabwera, kapena tidzakhala titamweta udzu wina, awiri."

Kumbuyo kwawo kunamveka ndodo, go, go, go. A Paulo anali atatsimphina kuchokera kusitolo. Tsiku lonse anali atatembenuzira mashini yawo kukhoma kuti asaone zimene sankafuna kudzafunsidwa. Anasuzumira kamodzi kokha, anaona amuna ali padenga la Modesta, n'kuthokoza kuti nkhaniyo ndi ya Aroma. Tsopano anaima pakati pa nyumba ziwirizo, akuyang'ana uku ndi uku, ndipo nkhope yawo inagwa.

Nelia anagwada. "Abambo, thobwa lija sindinataye. Ndinapatsa Anaphiri."

"Linamwedwa pabwalo panu?"

"Iyayi."

"Inu mwamwako?"

"Iyayi."

"Akulu akandifunsa ndidzanena zimenezo, pakuti ndi zoona." Anakanda chibwano. "Lamulo lathu limaletsa kufulula ndi kumwa. Loletsa mwana kugona pouma sindinalimvepo. Fulumirani, mvula iyo."

Ndipo mkulu wa mpingo wa Adatchi, ndi bondo lake lotupalo, ananyamula nkhuku ya Nelia yokhalira mazira pamodzi ndi chisa chake, n'kukailowetsa m'nyumba ya Mroma. A Evaristo, pofuna kufafaniza manyazi, anasenza mtondo ndi thumba la mphale, akudzandira pang'ono.

Madontho oyamba anagwa akulowetsa katundu womaliza, akuluakulu, otukula fumbi. Amuna awiriwo anathawira kukhonde la sitolo. Kenaka kumwamba kunatseguka. Sinali mvula yongozimitsa lupsa ayi, inali mvula yeniyeni, yamphepo, yogwa chopingasa, yosandutsa msewu wa ku Kabudula kukhala mtsinje dzuwa lisanalowe.

Nelia anaima pakhomo akuyang'ana nyumba yake kudzera pampata uja. Madzi ankalowa padenga n'kutulukira pakhomo. Mbali ina ya udzu wowolawo inatitimira n'kugwera m'kati, pomwe panali pogona pawo. Anadikira kuti chisoni chimugwire, koma sichinabwere. Chimene chinabwera chinali kupepuka, ngati watula mtolo umene anausenza nthawi yaitali mpaka kuiwala kuti ndi mtolo. Apo m'pomwe anazindikira kuti nyumba ija ankaiopa. Ngakhale akanaifolera ndi malata, akanagonabe akuyang'ana pakona pomwe mwana wake anapumira komaliza, yekhayekha, wopanda woti n'kumudzutsa.

Anatseka chitseko. M'katimo munkanunkhira udzu watsopano. Modesta anali atasonkha moto, ndipo Febe anali atagona pamphasa pafupi nawo, masaya atafunda. Mphepo itawomba mwamphamvu, Nelia anadzidzimuka, anatola mbale n'kuyamba kuzungulira nayo m'nyumbamo, maso ali kudenga, kufuna podontha poti atchere. Anazungulira mpaka kubwerera pomwe anayambira. Mbaleyo inali youma.

Modesta anaseka mpaka kugwira nthiti. "Zidakwa zimenezija ntchito zimaidziwa, amake Febe. Nyumba n'zimene sizidziwa."

Nelia naye anaseka, misozi ikutsika, mbale ili m'manja. Pomwepo Febe anatembenuka m'tulo n'kutsokomola. Nelia anaponya mbale kuti athamangire mwanayo, koma anapeza dzanja lina lafika kale, lalikulu, lokhakhala, likusisita kamsanako pang'onopang'ono mpaka chifuwa chinadekha.

"Khalani pansi mupume," anatero Modesta osatukula mutu. "Ndachimva nanenso. M'nyumba muno makutu alimo anayi tsopano."

Nelia anakhala pansi, anatsamira khoma, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwana wake anamvetsera mvula popanda kuiopa.